Tsiku Limene Ndinakokera Ababa ku Msonkhano wa Makolo

Ndikukumbukira chaka chimene ndinali mu Sitandade 6, ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, mtsikana wamiyendo yaitali ndi pakamwa posatopa. Tinkakhala pa esiteti ina ya fodya chakumpoto kwa Kasungu, kudera la Kaluluma. Bambo anga, a Malikebu, anali tenanti. Kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe, koma ine kumeneko ndinkangokumva m'nkhani za akuluakulu. Kwathu kumene ndinkakudziwa kunali tinyumba taudzu tondandana kuseri kwa zigafa zoumitsiramo fodya, komanso lole imene inkabwera fodya akatha kugulitsidwa, kudzanyamula mabanja amene bwana sankawafunanso.

Lole imeneyo ndinali nditaikwerapo kangapo. Tenanti sakhala pamalo chifukwa choti wapakonda ayi. Bwana amakupatsa munda, mbewu, feteleza ndi phoso la chimanga, iwe n'kupereka msana wako pamodzi ndi wa mkazi ndi ana. Nyengo ikatha amayang'ana fodya amene watulutsa. Akakhala wabwino, ukhalanso chaka china. Akakhala woipa, manga mtolo wako. N'chifukwa chake pofika Sitandade 6 ndinali nditalawa kale sukulu zingapo. Kulikonse ndinkafika teremu itayamba kale, n'kuchokako ndisanamalize kuloweza mayina a anzanga.

Bambo zinali zitawatopetsa. Tsiku lina tikuwokera fodya, matope ali m'miyendo, anandiuza kuti, "Mayi, pano pokha tikhazikika. Mayeso a Sitandade 8 udzalembera pasukulu yomweyi." Ankandiitana kuti mayi chifukwa ndinatenga dzina la amayi awo, Esinati. Ndipo sanangonena pakamwa. Chaka chimenecho anagwira ntchito ngati kuti mundawo unali wawo. Fodya wathu ankadziwika munthu ali patali, masamba ake otambalala oti kamwana n'kuusapo mvula. Ngakhale a Gama, kapitawo wa pa esitetipo, amene kuyamikira munthu kunkawavuta kuposa kuzula chitsa, ankaima m'mphepete mwa munda wathu n'kumagwedeza mutu. Tonse tinkadziwa kuti kukhala kwathu pamalopo, ndi sukulu yanga yomwe, zinali m'masamba amenewo.

Kusukulu ndinali wanzeru, ndipo ndinkadzidziwa, limene ndi tsoka lalikulu kwa mwana. Teremu ndi teremu ndinkakhala nambala wani. Aphunzitsi athu, a Nyirenda, akamapita ku ofesi ankandisiyira choko kuti ndilembe pabolodi, ine n'kumayenda m'kalasimo mwamatama ngati ndalembedwa ntchito ndi boma. Koma panali chinthu chimodzi chimene chinkandisowetsa mtendere, ndicho msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi.

Msonkhano umenewu unkaitanidwa kudzera pakamwa pa ife ana. Ahedi ankaima pa asembule n'kunena kuti, "Lachisanu kuli msonkhano wa makolo, eyiti koloko m'mawa. Amene kholo lake silibwera, asadzapondenso pano." Mawu omalizawo ankabwera nthawi zonse, ngati ameni kumapeto kwa pemphero. Palibe mwana amene anathamangitsidwapo, ndipo tonse tinkadziwa kuti ahedi akungowopseza. Makolo a m'midzi yozungulira ankabwera ndithu, poti uthenga unkawapezanso kudzera kwa mafumu awo ndi kutchalitchi. Komanso minda inali yawo, munthu ankatha kusiya khasu pamzere n'kunyamuka osapempha kwa wina. Makolo a pa esiteti sankabwera, ndipo ife ana awo nthawi zambiri sitinkadzivutitsa n'komwe kuwauza. Tsiku la msonkhano anzathu ankalozerana pawindo kuti, "Amayi anga ndi awo, a duku lofiirawo," ife tili duu. Aphunzitsi nawo, poyesa kuti sitikumva, ankati matenanti za sukulu alibe nazo ntchito. Mawu amenewo ankandiwawa, ndipo chimene chimandichititsa manyazi lero n'chakuti ndinali nditayamba kuwakhulupirira.

M'mwezi wa Febuluwale chaka chimenecho kunaitanidwa msonkhano waukulu wokamba za kujomba kwa ana nthawi ya fodya. Tinamva kuti kubweranso mlendo, alangizi a zamaphunziro. A Nyirenda analemba ndakatulo yoti inenedwe pamaso pa makolo, ndipo anasankha ine. Sindinachedwe kuiloweza. Ndinkainena panjira, pachitsime, kuseri kwa chigafa, ndikuponya manja monga anandiphunzitsira. Koma ndikaganiza za tsikulo mtima unkandiwawa. Makolo a anthu ena adzandiombera m'manja, pamene wanga padzakhala palibe.

Amayi anali ku chidikiro kuchipatala, poti masiku awo anali atayandikira, choncho pakhomo tinatsala awiri, ine ndi bambo. Inali nthawi yothyola. Amene sanalimepo fodya wa bale sangadziwe kuti mbewu imeneyi sidikira munthu. Masamba akakhwima ayenera kuthyoledwa. Akathyoledwa ayenera kulowa m'chigafa dzuwa lisanakwiye, asokedwe pachingwe, apachikidwe pa mikangala, mitengo yopingasa m'chigafamo, tsiku lomwelo. Munda wathu unali kutali ndi zigafa, ndipo pa esitetipo panali ngolo imodzi yokha imene inkatutira matenanti mosinthana. Aliyense anali ndi tsiku lake, ndipo ngolo ikafika pamunda pako iwe palibe, inkangopitirira kwa mnzako. Tsiku lathu linali Lachisanu. Mlungu umenewo tinkathyola masamba apakati, akuluakulu aja amene bwana amayamba kuwayang'ana akafuna kudziwa ngati ndiwe mlimi.

Ndinawauza Lachitatu nditaweruka, tikuchotsa mphukira m'munda.

"Ababa, Lachisanu kuli msonkhano wa makolo."

"Ukawauze aphunzitsi kuti ndamva," anatero osatukula mutu. "Zimene akagwirizane anzathuwo, ine ndavomera."

Linali yankho lawo la nthawi zonse, ndipo masiku ena ndinkalilandira n'kuiwalako. Tsiku limenelo ndinanena kuti, "Ahedi akuti amene kholo lake silibwera amuchotsa sukulu."

Dzanja lawo linaima pamtengo wa fodya. "Anatero?"

"Anatero."

Sindinaname, ndipo kwa zaka zambiri ndinkabisala kuseri kwa mfundo imeneyi. Ahedi ananenadi. Koma ine ndinkadziwa kupepuka kwa mawuwo, pamene bambo sankadziwa. Iwo sukulu sanapiteko, ndipo chilichonse chotuluka pakamwa pa ahedi ankachitenga ngati lamulo la boma. Nditaona kuti akuganizabe, ndinawonjezera misozi. Ndinati anzanga amandiyesa wamasiye. Ndinati msonkhano suchedwa kutha, angokaonekera basi n'kubwerako. Za ndakatulo sindinatchule n'pang'ono pomwe.

Lachisanu bambo analawira m'bandakucha n'kuthyola okha, mame akadali pamasamba. Anaunjika fodya m'milu kumapeto kwa mizere n'kufunditsa udzu wauwisi, poganiza kuti abwerako ngolo isanafike. Atapita kukapempha chilolezo, a Gama anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"A Malikebu, fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mukusiya masamba apakati pansi chifukwa cha msonkhano?"

"Ndikungokaonekera, akapitawo. Akuti akapanda kundiona achotsa mwana."

"Zanu izo. Ngolo sidikira munthu."

Ine ndinali pomwepo, nditavala yunifolomu yochapa, miyendo nditaidzoza mafuta. Ndinamva zonse. Ndikanatha kunena kuti, "Ababa, tsalani, sandichotsa." Pakamwa panga posatopa paja panatseka.

Bambo anatsuka manja ndi mchenga ndi sopo, koma utomoni wa fodya suchoka tsiku limodzi. Anavala jekete lawo lopitira kutchalitchi, tinyamuka. Ine ndinali patsogolo, ndakatulo ikuwira m'mutu. Ndinene zoona, ndinali wokondwa kwambiri.

Tinafika eyiti koloko isanakwane n'kupeza anyamata a Sitandade 8 akungoyamba kutulutsa mabenchi. Bambo anakhala pa benchi lakumbuyo pansi pa mtengo wa kesha, chipewa chili pabondo. Makolo a m'midzi ankadziwa kuti eyiti koloko ya kusukulu ndi yapakamwa chabe. Anayamba kufika mmodzimmodzi dzuwa litakwera, ena atayamba agwirako kaye kumunda. Mabenchi atadzaza, kunamveka kuti sitingayambe mlendo asanafike.

Bambo ankayang'ana dzuwa kudzera m'masamba a mtengo uja. Anandikodola.

"Mayi, kodi ayamba liti?"

"Pompano, ababa."

Pompano ameneyo ndinamunena kambirimbiri m'mawa umenewo. Mthunzi utayamba kufupika, bambo anaimirira n'kuvala chipewa. "Anthuwa andiona kale," anatero. "Ndipite, ngolo ili pafupi."

Apa ndi pamene pali kulakwa kwanga kwenikweni. Za Lachitatu zija ndingathe kuzikankhira ku ubwana, koma apa ndinali nditamva mawu a kapitawo, ndinali nditaona nkhawa pankhope pa bambo anga. Ndinagwira jekete lawo.

"Ahedi sanakuoneni. Mukachoka asanakuoneni, andichotsa."

Anandiyang'ana, anayang'ana kumwamba, n'kukhalanso pansi. Patapita nthawi ananena chapansipansi, osati kwa ine, kuti, "Ngolo ija yadutsa tsopano."

Njinga yamoto ya alangizi inamveka dzuwa lili paliwombo. Panali pemphero lalitali, kenaka malonje aatali kuposa pempherolo. Atatha, a Mwale, wapampando wa komiti ya makolo, anayamba kuitana midzi monga unalili mwambo wa pasukulupo. Akatchula mudzi, makolo a m'mudzimo ankaimirira, anthu n'kuwaombera m'manja. Ndinaona bambo akukonza kolala ya jekete, akusendera kutsogolo kwa benchi, kukonzekera kuimirira. Midzi inatha. Esiteti si mudzi, ilibe mfumu, choncho panalibe choti a Mwale atchule. Bambo anabwezera manja pamawondo.

Nthawi yomweyo a Nyirenda anabwera kumene tinakhala ife a ndakatulo ndi a kwaya, nkhope ili yakugwa. Anati mlendo ali ndi msonkhano wina kwinakwake, choncho zonse za ana zachotsedwa. Ndakatulo imene ndinakokera bambo anga kusukulu inathera pomwepo, osanenedwa.

Akuluakulu anayamba kukamba za kujomba, ndipo zala zonse zinkaloza ku esiteti. Bambo wina anati, "Vuto ndi matenanti. Ana awo ndiwo amajomba, koma taonani pano, alipo ndani?" A Mwale anavomereza. "Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Lero alipo, mawa apita. Tingawadalire bwanji anthu otere?"

Pamenepo ndinaona dzanja lakuda ndi utomoni likukwera kumbuyo kuja.

"Ndinu a mudzi uti, bambo?" anafunsa a Mwale.

"Ndilibe mudzi kuno, atcheya. Ndine wa pa esiteti. Mwana wanga ndi uyo apo, Esinati." Mitu yonse inatembenukira kwa ine, chinthu chimene ndinkachilakalaka masiku onse aja. Bambo anapitiriza, chipewa chili pachifuwa. "Ndabwera chifukwa akuti ndikapanda kuoneka mumuchotsa sukulu. Ndiye ndimati ahedi andione, mwanayo asachotsedwe."

Anthu anaseka. Sikunali kuseka kwankhanza ayi, ankaseka monga timasekera mlendo amene wakhulupirira nthabwala ya pamudzi. Ahedi nawo anamwetulira.

"Aa, bambo, musade nkhawa. Amenewo ndi mawu ongowopsezera ana kuti asaiwale uthenga. Ana onse amadziwa zimenezo. Esinati tingamuchotse ife? Ameneyu ndi nambala wani wathu."

Ana onse amadziwa. Bambo anatembenuka n'kundiyang'ana. Sanakwiye, sanatukule nsidze. Anangondiyang'ana ngati munthu amene wazindikira kuti mwana wake wakula ndipo akutha kumupusitsa. Ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

"Zikomo, ahedi," anatero. "Ndiye ndipemphe kuti ndizipita. Ndasiya fodya wothyola padzuwa kuyambira m'mawa."

Kuseka kunazima. Ku Kasungu mawu amenewo saseketsa munthu, ndipo ambiri amene anali pa mabenchipo anali alimi a fodya nawonso. Mayi wina amene anakhala pafupi nawo anagwira pakamwa.

"Mayo ine! Masamba ati, bambo?"

"Apakati, mayi."

Bambo anavula jekete, analipinda pamkono n'kuuyamba ulendo. Ine ndinawatsatira osapempha kwa mphunzitsi aliyense. Ankayenda mwandawala, ine ndikuthamanga pambuyo, ndipo njira yonse sanacheuke. Mitambo inali itasonkhana kale chakumadzulo, monga imachitira mwezi umenewo, ndipo mvula inatipeza tisanafike kumunda.

Udzu umene anafunditsa uja unali utafota kalekale. Masamba apamwamba anali atawauka, ofiira ngati awambidwa pamoto. Nditalowetsa dzanja mkati mwa mulu ndinamva kutentha, ndipo masamba amene ndinatulutsa anali atayamba kuda ndi kununkha. Apansi anali m'matope. Bambo anatukula tsamba limodzi lalikulu, analitambasula, linang'ambika m'manja mwawo, n'kuliika pansi mosamala ngati likadali ndi ntchito. Tinatuta milu yonse pamutu kupita nayo kuchigafa chathu, ulendo ndi ulendo, mvula ikutimenya. Matenanti anzathu ankatiyang'ana ali m'zigafa zawo, aliyense ali ndi fodya wake wofunika kusoka. A Gama anafika, anasuzumira, anatsonya n'kubwerera.

Tili mkati mosankha amene akanapulumuka, mayi uja wa kumsonkhano anatulukira, chitenje chili chonyowa. Anali atatilondola pofunsa anthu. "Ndine Nabanda, wa m'mudzi wa kuseri kwa sukulu," anatero. "Ndabwera ndi singano yanga." Sanadikire yankho. Anakhala pansi n'kuyamba kusoka, ndipo anachoka dzuwa litapendeka kwambiri.

Titatsala awiri, ndinkadikira chikwapu. Ndinkachifuna ndithu. Bambo akanandimenya, nkhaniyi ikanathera pamsana panga ndipo mwina lero sindikanailemba. Koma iwo ankangosankha masamba, awa kuno, awa kudzala, ndipo mulu wa kudzala ndi umene unkakula. Kenaka anati, "Tanena zija umanena kuseri kwa chigafa."

Ndinadzidzimuka. "Ziti, ababa?"

"Ukuyesa sindinkakumva? Zija umaponya nazo manja. Si zimene unkafuna ndikamve?"

Ndinakana, koma anaumirira. Ndinaimirira pakati pa fodya wowonongekayo n'kuyamba:

Kholo laulesi, dzuka, dzuka!
Sukulu ikuitana, iwe uli kuti?
Fodya wako umamusisita ngati khanda,
Mwana wako wamuiwala ngati chiputu.

Masiku onse aja ndinkanena mawu amenewa osawamva. Ndinkangomva kukoma kwa mawu anga. Ndinawamva koyamba madzulo amenewo, ndikuwanena kwa munthu amene anataya fodya wake wabwino koposa chifukwa cha ine. Ndinalekeza panjira.

"Pitiriza," anatero bambo.

Ndinamaliza ndikulira, mamina ndi misozi zikulowa m'kamwa. Iwo anaika tsamba pansi n'kuomba m'manja, manja akuda aja, okha m'chigafa monse.

"Mawu uli nawo, mayi," anatero. "Aphunzitsi akowo amalemba bwino."

Sankanyoza. Bambo anga sankadziwa kunyoza, ndipo n'chimene chinandipweteka kwambiri.

Amayi anachira mwana wamwamuna patapita masiku ochepa. Tinathyola masamba otsala, tinasankha, tinadinda mabelo. Fodya atagulitsidwa, ife tinali m'gulu la mabanja amene bwana sanawafunenso. Ndayesa kudzitonthoza kuti chaka chimenecho mitengo inali yoipa ku okushoni, kuti anachotsedwanso ena amene sanapite ku msonkhano uliwonse. Mwina ndi zoona. Koma ndinamva ndi makutu anga a Gama akuuza tenanti wina kuti, "Bwana safuna munthu wosiya fodya pansi n'kukakhala pa benchi."

Bambo anapeza malo pa esiteti ina cha ku Lisasadzi, kutali ndi sukulu iliyonse. Atamva zimenezi, a Nabanda anabweranso, ulendo uno atavala bwino, ali ndi amuna awo. Anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo ngati makolo anga angalole, ine nditsale kwawo mpaka ndilembe mayeso. Bambo anaganiza nthawi yaitali, kenaka anavomera. Lole itabwera ndinathandiza kukweza mphasa ndi mapoto, koma ine sindinakwere. Bambo ali pamwamba pa katundu anandikuwira kuti, "Paja ndinati udzalembera pomwepa!" Ankaseka ponena zimenezo, kuti ine ndisalire.

Ndinalemberadi pomwepo, ndipo ndinasankhidwa kupita ku sekondale. Lonjezo lawo linakwaniritsidwa, koma iwo palibe. Kuyambira tsiku la lole ija sindinakhalenso nyumba imodzi ndi makolo anga kupatula pa tchuthi. Mlongo wanga amene anabadwa mwezi uja anakula akundiyesa mlendo, ndikafika ankabisala kuseri kwa amayi.

Zinanditengera zaka zambiri kuti nditsegule pakamwa pa nkhaniyi. Ndinali nditayamba kale uphunzitsi, iwo atakalamba n'kubwerera ku Phalombe. Tinakhala pakhonde, iwo akusenda nzimbe ndi mpeni poti mano anali atatha.

"Ababa, tsiku lija la msonkhano, ine ndinkadziwa kuti sandichotsa."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Fodya uja azungu anasuta kalekale, iwe ukadali naye pamtima?"

"Ndinakulakwirani, ababa."

"Unali mwana. Mawu aja anakupatsa ndi akuluakulu, iwe unangowanyamula." Anayang'ana nzimbe yawo. "Koma chinandiwawa ine si fodya ayi. Paja ankaitana midzi paja, ndinkadikira kuti atchule kwathu. Ndimati ndiimirire nanenso, anthu aone kuti mwana wa nambala waniyu ali ndi bambo wake."

Zaka zonsezo ndinkayesa kuti ndinali ndekha amene ndinkafuna kuonedwa tsiku limenelo. Ndinalandira nzimbe imene anandipatsa.

Bambo anatisiya. Ine lero ndine wachiwiri kwa ahedi pasukulu ina cha ku Simlemba, yozunguliridwa ndi maesiteti ngati ija, ndipo misonkhano ya makolo inagwera m'manja mwanga. Anzanga amati ndimavuta nayo, ndipo sakunama. Sindilola kuti mwana apatsidwe chiwopsezo chokapereka kwawo. Mawu amene ife timaponya pa asembule tikuseka amakafika m'nyumba zina ali olemera, ndipo amene amawakhulupirira kwambiri ndi makolo omwe aja timati alibe nazo ntchito. Nthawi yothyola ndimakana msonkhano wa m'mawa pakati pa mlungu, timakumana Lamulungu masana anthu atabwerako kutchalitchi. Aphunzitsi achinyamata anatsegula gulu la makolo pa foni, ndipo akalembapo amati uthenga wafika kwa onse. Ine ndimakwera njinga n'kupita ku zigafa, chifukwa kumeneko foni zotere kulibe. Ndimakhala pansi, nthawi zina n'kutenga singano, n'kufunsa tsiku limene angathe kubwera. Sikuti amabwera ambiri. Akapitawo ena amandithamangitsa, ndipo makolo ena amandiyankha ndi mawu omwe aja a bambo anga, akuti zimene akagwirizane anzathuwo ife tavomera. Tsopano ndimadziwa kuti mawu amenewo si a munthu wosasamala, ndi a munthu amene nthawi yake ili m'manja mwa wina.

Ngakhale ine ndimaterereka. Tsiku lina nditatopa ndinadzimva ndikuuza kalasi kuti, "Amene kholo lake silibwera..." Ndinaluma lilime mawu asanathe. Ana anadabwa kuona aphunzitsi awo atangoti kakasi pakhomo, choko chili m'manja.

Pamsonkhano wathu wapitawu mlendo anachedwa monga mwa masiku onse. Nthawi itakwana ndinapempha atcheya kuti aitane midzi. Itatha, anaitananso maesiteti, imodziimodzi, chifukwa chimenecho ndicho chinthu choyamba chimene ndinamenyera nditafika pasukuluyi. Atatchula esiteti ya kumtunda, anaimirira bambo mmodzi yekha, wowonda, jekete lalikulu kuposa thupi lake, manja akuda ndi utomoni. Anthu anamuombera m'manja. Pamzere wa ana a kwaya kamnyamata kena kanatukula khosi, kakugwedeza mnzake ndi chigongono kuti aone. Bamboyo atakhala pansi, ndinamuona akuyang'ana dzuwa.

Atcheya anandinong'oneza kuti tidikire kaye mlendo, si ulemu kuyamba iye asanafike. Ndinawayankha kuti ana aimbe ndi kunena ndakatulo zawo tsopano lino, makolo awo akadalipo. Mlendo atipeza.